Hiace ikuvuta kulira m'mawa kuno ku Dedza, hita nayonso ikungotulutsa mphepo yozizira

Wa_ku_Bembeke
Akuluakulu, ndabwera ndi nkhani ya galimoto yanga, mwina wina anakumanapo nazo. Ndi Hiace ya dizilo, injini ya 5L, imathamanga Dedza ndi Lilongwe. Chilowereni mwezi wa Juni, m'mawa uliwonse ndi nkhondo. Sitata ikuzungulira bwinobwino koma injini osagwira, mpaka kachitatu kapena kachinayi. Ikati yagwira imanjenjemera ngati munthu wa malungo, kumbuyo utsi woyera tolotolo, moti mayi oyandikana nafe nyumba amatseka zenera akangomva makiyi anga. Koma masana ikatenthedwa, kiyi kamodzi kokha yalira. Panopa ndikumaigoneka pamtsetse, anyamata awiri amaikankha, ndimawapatsa ya tiyi.

Kachiwiri ndi hita. Ndikapotokolera kofiira imangotulutsa mphepo ngati ya m'furiji. Tikadzaza anthu cha m'ma 5 koloko galasi lakutsogolo limachita nthunzi, wokwera wakutsogolo ndiye amandipukutira ndi chipewa chake, chonsecho ku Linthipe kumakhala chifunga. Wina pasiteji wandiuza kuti ndigule kachitini kopopera mu air cleaner, akuti imalira pompo. Ndigule?

Sipanala_17
Musagule, achimwene. Ndiyankheni kaye: mukapotokola kiyi, kanyali kachikasu kooneka ngati sipuling'i kamayaka padashibodi? Ndipo mumakadikira kuti kazime?

Wa_ku_Bembeke
Kamayaka. Kudikira kwenikweni ayi, ndisaname. M'mawa munthu umakhala ukuthamangira mzere pasiteji.

Nachisale_wa_Tomato
Madalaivala nonse matenda anu ndi amodzi, changu. Ife timakwera ndi madengu athu tikunjenjemera, inu mwavala jekete ziwiri, mukuti hita inafa kale.

Sipanala_17
Ndiye tiyambire pomwepo. Injini ya dizilo ilibe mapulagi a moto ngati ya petulo. Pisitoni imapanikiza mpweya mpaka utatentha kwambiri, dizilo akapoperedwamo amayaka yekha. Tsono m'mawa zitsulo zonse zimakhala zitazizira usiku wonse, zimaba kutentha kuja dizilo asanayake. 5L ndiye imavutika kwambiri chifukwa dizilo wake sathiridwa pamwamba pa pisitoni mwachindunji, amayamba walowa m'kachipinda kakang'ono ka m'hedi. M'kachipindamo ndi mmene muli heater plug. Kanyali kaja kakayaka ndiye kuti nsonga za mapulagi anayiwo zikufiira ngati msomali wa pamoto. Inu mukathamangira kuliza, mwathira dizilo m'chipinda chozizira. Utsi woyera mukuunenawo ndi dizilo wosapsa, mukaununkhiza umaluma m'maso. Kunjenjemerako ndiye kuti masilinda ena agwira, ena akadali mtulo.

Mawa chitani chonchi: kiyi pa ON, dikirani kanyali kazime, werengani mpaka faifi, bwezani kiyi, bwerezaninso, kenako lizani. Sitata musaigwiritse kupitirira masekondi 10 kapena 15, ikakana ipumitseni theka la mphindi. Ikalirabe movutika ndiye kuti mapulagi ena anapsa. Kuyeza kwake n'kosavuta. Mumamasula kachitsulo kamene kamalumikiza onse anayi pamwamba, n'kuyeza lililonse palokha ndi multimeter, kachipangizo koyezera magetsi, waya wina pamutu pa pulagi wina pa injini. Lamoyo limaonetsa pafupifupi 1 ohm, lakufa silionetsa kanthu. Onse akakhala amoyo, muone relay ndi fyuzi yake. Pogula tengani lakalelo muwerenge mavoti olembedwa pambali, chifukwa alipo a 11V, alipo a 7V kapena 6V, koma maonekedwe ndi amodzi. Mukaika a mavoti ochepa pamene pakufunika a 11V, apsa musanathe sabata.

Mjomba_wa_Thilaki
A Sipanala mukuopseza mwana. Ife tapopera zitini zimenezo zaka ndi zaka. Chitini chikasowa tinkapopera mankhwala a udzudzu, kapena kuviika kansanza mu petulo n'kukaika pakamwa pa air cleaner. Galimoto zinkalira, katundu ankafika.

Sipanala_17
Amjomba, munkapopera injini yanji? Mathilaki ambiri akale analibe ma heater plug, n'chifukwa chake munapulumuka. Mankhwala a m'kachitinimo ndi ether, amayaka msanga kwambiri. Akakumana ndi pulagi yofiira amaphulika pisitoni isanafike pamwamba, ndiye kuli ngati kumenya pisitoni ndi hamala ikukwera. Maring'i amathyoka, tizipinda ta m'hedi timang'aluka. Injini zina, monga Cummins zambiri, zili ndi waya wotenthetsa mpweya panjira yolowera. Pamenepo mukapopera, moto umatha kubwerera kwa wopoperayo.

Mjomba_wa_Thilaki
Chomwe ndikuvomera n'chakuti injini imazolowera. Ukaiyambitsa kachitini siidzaliranso popanda, ngati munthu wa kachasu.

Sipanala_17
Sikuzolowera kumeneko, ndi maring'i amene atha. Compression, mphamvu yopanikizira mpweya ija, ikatsika, payokha singayatsenso dizilo, ndiye mumati yalowa uchidakwa.

Gogo_Landirova
Ana inu mwasiya nkhani ya hita, pamene ine ndikuona kuti mpamene pagona njoka. A Bembeke, muvi wa temperature umafika pati mukamayenda? Ndikufunsa chifukwa ndikudziwa amakaniko athu. Galimoto ikangotentha kamodzi, chinthu choyamba amachotsa thermostat n'kuponya kutchire, amati zimenezi n'za kwa azungu kozizira. Koma kachitsulo kameneko ndi chitseko. Injini ikazizira kamatseka njira ya ku rediyeta kuti madzi azizungulira mu injini mokha atenthe msanga, akafika madigiri a m'ma 80 m'pamene kamatsegula. Mukakachotsa, madzi amathamangira ku rediyeta kuyambira pachiyambi, ndiye potsika kuchoka ku Dedza m'mawa wa Juni injini singatenthe n'komwe. Hita ya m'galimoto ilibe moto wakewake. Ndi karediyeta kakang'ono kobisika kuseri kwa dashibodi, madzi otentha a injini amadutsamo, fani n'kumauzira. Madzi akakhala ozizira mukufuna mphepo yotentha ichokere kuti? Komanso injini yoyenda yozizira imamwa mafuta ambiri ndipo imatha msanga, mumangoti dizilo wa masiku ano sachedwa.

Chinanso mukaone mapaipi awiri a madzi opita ku karediyeta kaja. Kakayamba kudontha pamapazi a dalaivala, anyamata amangodula n'kulumikiza mapaipiwo okhaokha. Mukapeza choncho, ngakhale mutaika thermostat khumi hita siidzatentha.

Wa_ku_Bembeke
Agogo mwalasa. Muvi umangodzuka pang'ono pa C, umafika pakati pokhapokha tikaima pamzere mu Lilongwe. Ine ndinkanyadira kuti injini yanga siitentha.

Nachisale_wa_Tomato
Kkkkk kunyadira matenda.

Namwino_Leeds
Za injini sindilowererapo, koma za nthunzi pagalasi ndiyankheko, chifukwa chaka changa choyamba kuno ku UK ndinatsala pang'ono kugunda khoma ndikuchokera ku ntchito ya usiku. Ndinkachita zimene aliyense wochokera kwathu amachita: kutseka mawindo onse, kudina kabatani kojambulidwa galimoto ndi muvi wokhota mkati kuti mphepo yakunja isalowe, n'kuzimitsa AC poti kukuzizira. Zonsezo n'zosemphana. Nthunzi ija ndi mpweya wathu womwe ndi chinyezi cha zovala, zikakhudza galasi lozizira zimasanduka timadontho. Kabatani ka muvi wokhota kamangozunguliza mpweya womwewo wonyowa. Kamafunika kazime kuti mulowe wakunja. Mphepo muilozetse kugalasi, pa chizindikiro chooneka ngati chikupizo chokhala ndi timivi titatu tokwera, fani pamwamba, kutentha pofiira, AC yoyaka. Inde AC, ngakhale kukuzizira. Ntchito yake sikuziziritsa kokha, imaumitsanso mpweya, ndiye hita imautenthetsa ukatuluka uli wouma. Galasi limayera mukuona. Lakumbuyo lili ndi batani lakelake, la chizindikiro cha makona anayi, limatenthetsa timizere tija ta m'galasi.

Inu achimwene muli ndi anthu odzaza minibasi akupuma, ena anyowa ndi mame. Mukatseka mpweya wakunja ndiye mwaphika nthunzi nokha.

Wa_ku_Bembeke
Achemwali, AC yanga inatha gasi galimoto isanafike m'manja mwanga.

Namwino_Leeds
Ndiye mpweya wakunja, fani kugalasi, ndi kutsitsa mawindo awiri pang'ono ngati zala ziwiri. Okwera adandaula koma afika. Ndipo galasilo mulitsuke mkati ndi sopo n'kuliumitsa ndi nyuzipepala. Chipewa chimasiya mafuta a m'mutu, nthunzi imagwira msanga pagalasi lakuda, usiku magetsi a anzanu amamwazikanso.

Mphwanga_wa_Sienta
AC imamwa mafuta abale, tisanamizane. Ndi mmene mafuta akuvutiramu ine ndinauza akazi anga kuti batani limenelo ndi lokongoletsa chabe.

Namwino_Leeds
Imamwadi pang'ono, sindikukana. Koma mphindi zisanu zoyeretsa galasi ndi mtengo wa bampala, chotchipa n'chiti? Komanso AC yosayatsidwa miyezi yambiri ndi imene imataya gasi, timalabala take timauma.

Mphwanga_wa_Sienta
Musawauze akazi anga zimenezi, ali pagulu lomwe lino.

Mai_a_Sienta
Ndawerenga kale, bambo.

Chisanu_Winnipeg
Ndikuwerenga ndikuseka, a ku Dedza akuti kukuzizira. Bwerani kuno ku Canada mu Januwale muone madigiri -30. Nditangofika ndinkadabwa kuona galimoto iliyonse ili ndi kapulagi ka magetsi kakulendewera kutsogolo, ndinkayesa zonse n'zamagetsi. Ndi block heater imeneyo, kachitsulo ngati ka m'ketulo kolowetsedwa mu injini, kamatenthetsa madzi ake galimoto ili chiimire. Umalumikiza kukhoma ndi chingwe, ndipo malo ambiri oimikapo galimoto, kuntchito ndi kumafulati, ali ndi timitengo ta masoketi. Anthu amayamba kulumikiza kukafika cha m'ma -15. Sikafunika usiku wonse, maola atatu kapena anayi akwana, ndiye ambiri timaika timer kuti kayake yokha m'bandakucha. Cholakwa cha mlendo aliyense ndi kunyamuka osazula chingwe. Ine ndinakoka changa mpaka pamphambano, chikukwekwereka pambuyo ngati mchira.

Za madzi a pampopi mu rediyeta kuno n'zosayerekeza. Madzi akaundana amafufuma, amang'amba injini. Timathira coolant wosakaniza theka ndi theka, amene saundana mpaka cha m'ma -37. Kwathu ndikudziwa timathira a pachitsime, ndiye dzimbiri lake ndi lomwe limatseka karediyeta ka hita kamene agogo akunena, timabowo take n'tating'ono kwambiri.

Batire nayo imafooka kukazizira, pamene oyilo walimba ngati uchi, ndiye ntchito yachuluka mphamvu yachepa. Nambala ija ya CCA yolembedwa pabatire, yosonyeza mphamvu yake yolizira injini kukazizira, amaiyeza pa -18, kuno ndi imene timayang'ana pogula, osati kukula kwa bokosi.

Wa_ku_Bembeke
Ndiye ndiitanitse block heater yomweyo achimwene?

Chisanu_Winnipeg
Ayi ndithu, kungakhale kutaya ndalama. Kuzizira kwa ku Dedza mapulagi amoyo akukwanira. Komanso mungailumikize pati magetsi atazima?

Gogo_Landirova
Block heater yathu inali mbaula. Ku Chikangawa tinkaika makala pansi pa sampu kuti oyilo asungunuke, thilakitala n'kulira.

Dalaivala_wa_N3
Agogo, ndi ulemu wonse, mbaula isatchulidwe pafupi ndi galimoto. Pansi pa injini pamakhala podontha dizilo ndi oyilo, galimoto za masiku ano zadzaza mapulasitiki ndi mawaya. Koma chimene chimandiopsa kwambiri ndi mbaula ya m'kati. Ine ndimayendetsa thilaki pakati pa Durban ndi Johannesburg. Mu Seputembala 2024 sinowo inatseka msewu wa N3 cha ku Van Reenen ndi Harrismith, anthu anagona mumsewu usiku wonse, ine ndinali pamzere womwewo. Usiku ngati umenewo munthu umaganiza zilizonse. Mnzanga wina anafuna kuyatsa kasitovu ka gasi kophikira m'kabini mawindo ali otseka, ndinachita kumulanda. Makala kapena gasi m'malo otseka amatulutsa mpweya wa carbon monoxide, sununkha, suoneka, umangomva mutu kulemera ndi tulo tokoma, osadzukanso. Ndi zomwe zija timamva kwathu nyengo ino, banja lagona ndi mbaula m'nyumba.

Ngakhale hita ya injini ili ndi malamulo ake ukaima. Uyambe waona kuti paipi ya utsi sinakwiririke, zenera ulisiye pang'ono, injini uziiliza kwa kanthawi n'kuzimitsa, osati kugona ikulira. Mathilaki ena ali ndi night heater, ya Webasto kapena Eberspächer, kachitofu kakang'ono kotapa dizilo mu thanki komwe kamatulutsira utsi wake panja, injini ili chozima. Amene ali nako amagona ngati ali kunyumba. Ife ena ndi bulangeti ziwiri ndi chipewa cha ubweya.

Ndipo za kabatani ka muvi wokhota achemwali anena zoona, ndiwonjezere chimodzi: paulendo wautali kamagonetsa. Hita ili pamwamba, mpweya womwewo ukuzungulira, maso amayamba kulemera. Ine ndimakayatsa pokhapokha ndili kumbuyo kwa galimoto yofuka utsi kapena pafumbi, ndikadutsa ndazimitsa. Kutentha ndimalozetsa kumapazi, kumaso kuzikhala kozizirira.

Gogo_Landirova
Ndamva mwanawe. Tinkachita poti panalibe wotiuza. Mmodzi wa ife nsidze zinapita.

Kabaza_Mzuzu
Nanga ife a njinga zamoto mutiiwale? Boxer yanga m'mawa imafuna choke, apo ayi ndiponda kick mpaka thukuta.

Sipanala_17
Choke ndi yake imeneyo, ya injini za petulo za carburettor. Imachepetsa mpweya kuti petulo achuluke, poti kukazizira petulo sasanduka nthunzi msanga. Vuto lanu a kabaza mumaiwala kubweza. Ikangolira n'kukhazikika, bwezani. Mukayenda nayo mpaka ku Katoto ili chikokere, pulagi imada ndi mwaye, mafuta atha, mudzati njinga yalodzedwa. Galimoto za petulo za masiku ano zilibe choke, kompyuta imadziwonjezera yokha, n'chifukwa chake m'mawa zimalira mokweza pang'ono kenako n'kutsika. Musamapondereze moto poliza.

Mphwanga_wa_Sienta
Funso langa lenileni ndi ili. Bambo anga ankaliza galimoto n'kukasamba, kumwa tiyi, kenako n'kunyamuka. Ine ndimachitanso chomwecho. N'zolakwika?

Namwino_Leeds
Kuno mukatero mupeza pamalo pokha. Akuba amayendayenda m'mawa wachisanu kufuna galimoto zolira zopanda munthu, ndipo a inshulansi ambiri salipira ngati makiyi munasiya momwemo. Highway Code, buku la malamulo a pamsewu kuno ku UK, imaletsanso kusiya injini ikulira pamsewu popanda munthu, ndipo imalamula kuti magalasi onse ayere usananyamuke, osati kuboola kabowo koonera ngati ka pakhomo. Wina asadzayesenso kuthira madzi owira pagalasi loundana, limatha kuthetheka.

Sipanala_17
Kuwonjezera apo, injini yongolira chiimire imachedwa kutentha, makamaka ya dizilo. Mphindi imodzi kapena ziwiri kuti oyilo akwere, kenako nyamukani pang'onopang'ono osaikakamiza, itenthera m'njira. Za dizilo zatsopano zokhala ndi DPF, sefa ya utsi, ndiye kulira chiimire kumaitseka sefayo.

Mjomba_wa_Thilaki
Apa pokha sindivomera. Thilaki umayenera kudikira mpweya wa mabuleki udzaze, sunganyamuke mphindi imodzi. Ndipo 5L yakale ngati ya mwanayu, yodzaza anthu ndi matumba a mbatata, ndingaipatse mphindi zisanu.

Sipanala_17
Za mpweya wa mabuleki mwanena zoona amjomba, imeneyo ndi nkhani ina. Zisanu sitikangana. Ndikukana za kukasamba.

Dizilo_Coventry
Ndafika mochedwa. Palibe watchula dizilo weniweniyo. Kukazizira kwambiri dizilo amachita phula, amatseka fyuluta, galimoto imalira n'kuzima. Kuno ku UK amasintha okha pamapampu: kuyambira pakati pa Novembala mpaka pakati pa Malichi amagulitsa wopirira mpaka -15, miyezi inayo ndi wa -5. Amene amagwidwa ndi uja anadzaza thanki mu Seputembala n'kuimika veni mpaka Januwale. AdBlue, mankhwala oyeretsa utsi wa galimoto za dizilo zatsopano, nayo imaundana pa -11, koma thanki yake ili ndi chotenthetsera. Kwa a Bembeke sindikuganiza kuti ndi phula, Dedza safika pamenepo. Koma muone kapampu kamanja kali pamwamba pa fyuluta ya dizilo. M'mawa musanalize kadinizeni. Kakakhala kofewa, kolimba pambuyo podina kangapo, ndiye kuti usiku dizilo akubwerera ku thanki, penapake pakulowa mpweya. Zimenezo zimafanana kwambiri ndi mapulagi akufa. Oyilo mukuthira wanji?

Wa_ku_Bembeke
20W-50, amakaniko anati injini yakale imafuna wolemera.

Dizilo_Coventry
Nambala yoyambayo, ya W, ndi imene imanena kulimba kwake kukazizira. Ikachepa ndiye kuti amayenda msanga m'mawa. 15W-40 wa dizilo angaipepukire sitata, ngati injini siikudya oyilo kale.

Nachisale_wa_Tomato
Zonsezi ndamva, koma funso langa ndi limodzi: Lachisanu tikwera yofunda kapena ndibwere ndi zitenje zitatu?

Wa_ku_Bembeke
Ndabwerako akuluakulu, pepani ndinasowa masiku awiri. Lachiwiri ndinayesa za kudikira kanyali kawiri, inalira kachiwiri, utsi unachepako koma kunjenjemera kunalipo. Dzulo ndinapita kwa wamagetsi wina, tinayeza monga ananenera a Sipanala. Mapulagi awiri akufa, lachitatu nsonga inatupa, tinavutika kulizula. Olembedwa 11V, ndagula anayi onse. Kapampu ka pafyuluta n'kolimba, kumeneko kulibe mlandu. Lero m'mawa kiyi kamodzi, mayi aja zenera sanatseke.

Agogo, munalosera ngati munaliko. Titatsegula pokhala thermostat tinapeza mphako yokhayokha. Taika yatsopano, muvi tsopano ukufika pakati tisanafike ku Chimbiya ndipo sukusunthanso. Koma mapaipi a hita tinawapeza atalumikizidwa ndi kachidutswa ka paipi ya madzi a m'nyumba, chomangira chake waya. Titayesa kubwezera, madzi anayamba kudontha mkati. Ndiye karediyeta kaja n'kobooka, ndipo kuti katuluke akuti dashibodi yonse itsike, ntchito ya tsiku lathunthu. Zimenezo zidikire kumapeto kwa mwezi. Panopa ndikuyenda ndi mpweya wakunja, fani kugalasi, mawindo zala ziwiri. Galasi likuyera ndithu, koma mayi wina wanditukwana kuyambira pa Dedza mpaka pa Nathenje.

Nachisale_wa_Tomato
Ndinali ine. Zitenje zitatu basi.

Gogo_Landirova
Mukamakonza karediyetako mutsukiretu dzimbiri lonse, muthire coolant. Mukabwezera madzi a pachitsime tidzakumananso pano chaka chamawa.

Kabaza_Mzuzu
Nanga anyamata okankha aja mwawauza kuti ganyu yatha?

Wa_ku_Bembeke
Anabwera 5 koloko monga mwa masiku onse, anapeza ikulira kale. Mmodzi wandifunsa dzina la wamagetsiyo, nkhope yake sinandisangalatse, sindinamuuze.